Phiri la Dzaleka ndi Alembi Awiri Othawa Kwao

Munthu wochokera ku Lilongwe akatsata mseu wa kumpoto, napitirira Lumbadzi, ndi kupatukira ku dzanja lamanja pa njira ya ku boma la Dowa, asanafike pa bomapo amaona mudzi waukulu wa nyumba zothithikana m'tsinde mwa phiri. Pamalo pamenepo mphepo siipuma, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chake nchobaya mpaka m'mafupa. Mlendoyo akaima pa msika amamva anthu alikutsatsa malonda m'Chiswahili, m'Chirundi, m'Chinyarwanda ndi m'Chichewa chomwe. Mudzi umenewo ndiwo Dzaleka, msasa wa anthu othawa nkhondo ndi mazunzo m'maiko ao.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya malo amenewa potsata mapazi a alembi awiri. Woyamba ndi mwana wa dziko lino, amene anakhala kunja zaka pafupifupi 30, kuyambira m'masiku omwe Dzaleka analikusanduka ndende ya anthu osiyana maganizo ndi Boma. Wachiwiri ndi mwana wa ku Congo, amene anafika pa Dzaleka pomwepo kudzapempha pobisala, ndendeyo itasanduka msasa wa alendo. Funso limene tifuna kuliyankha ndi ili: kodi mlembi akachotsedwa pakati pa anthu ake amataya chiani, ndipo chimene watayacho amachipezanso bwanji?

Mapiri Othawirako

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi sanayambe lero kusunga othawa. M'zaka za m'ma 1800, pamene magulu a nkhondo a Angoni analikuyendayenda m'dziko muno, Achewa ambiri anasiya midzi yao ya kuchidikha nakwera m'mapiri, ndipo ena anadzimangira malinga. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi inabisa anthu m'masiku amenewo. Angoni a mfumu Chiwere anakhazikika m'dera la Dowa, ndipo m'dziko la Chiwere momwemo ndimo A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, a mpingo wa Dutch Reformed, anamanga misyoni ya Mvera m'chaka cha 1889. Misyoni ya Kongwe inatsatira m'chaka cha 1894.

Sukulu za mpingo umenewu ndizo zinalera mlembi wamkulu wa m'mapiri awa, Bambo Samuel Josia Ntara, obadwa m'chaka cha 1905, amene anali mphunzitsi monga mudzakhalira inu. Buku lao la Nthondo linalandira mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za Africa, nilisindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi pa dzina la Man of Africa. Pambuyo pake analemba Mbiri ya Achewa, Nchowa, ndi Msyamboza, ndiyo mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi pafupi ndi Kongwe.

Tayamba ndi Bambo Ntara chifukwa moyo wao utipatsa muyeso woyesera alembi awiri aja. Iwo analemba ali pakati pa anthu ao. Nkhani anakazitola kwa nkhalamba za m'midzi, nazilemba m'chinenero cha nkhalambazo, ndipo adzukulu a nkhalamba zomwezo ndiwo anaziwerenga pa sukulu. Akadaphonya dzina la mfumu kapena la mtsinje, wowakonza anali pafupi. Anthu otere, omvera, oyankha ndi okonza, tiwatche bwalo la mlembi. Tonse tidziwa kuti nthano ya madzulo siiyenda ngati palibe woyankha kuti "tiri tonse". Wosimbayo amangoti kakasi, nkhani nifera m'kamwa. Momwemonso mlembi. Tsono tione chimene chimachitika bwalo limeneli likalandidwa.

Mphunzitsi amene Anakhala Kazembe

Bambo David Rubadiri anabadwa pa 19 Julayi 1930 ku Liuli, kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene pa nthawiyo linali kutchedwa Tanganyika, koma makolo ao anali a kuno. Ali mwana anapita ku Uganda, kumene anaphunzira pa King's College, Budo, ndipo pambuyo pake pa koleji ya Makerere ku Kampala kuyambira 1952 mpaka 1956. Atabwera kwao anaphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya Dedza. Amenewo anali masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu a dziko lino anachikana ndi mtima wonse. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza malamulo a nthawi ya chipolowe, atsogoleri a Nyasaland African Congress namangidwa, ndipo mphunzitsi wa ku Dedzayo anali mmodzi wa anthu amene anatsekeredwa m'chaka chimenecho.

Atatuluka m'ndende anakapitiriza maphunziro ku Cambridge. M'chaka cha 1962 anali nao pa msonkhano waukulu wa alembi a Africa ku Makerere, pamodzi ndi Chinua Achebe ndi Wole Soyinka a ku Nigeria, ndi mnyamata wa ku Kenya amene dziko linadzamudziwa pa dzina la Ngugi wa Thiong'o. Kuno kwao anakhala mkulu wa Soche Hill College ku Blantyre, ndiyo koleji yosula aphunzitsi. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, Dr. H. Kamuzu Banda anawasankha kukhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku bungwe la United Nations. Pamenepo anali ndi zaka 34, ndipo ali yense akadayesa kuti munthu wotere adzatumikira dziko lake mpaka ukalamba.

Mkangano wa Nduna ndi Ndende ya Dzaleka

Isanathe miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna za Boma zinasemphana ndi Dr. Banda. Ndunazo zinadandaula kuti nchito zazikulu za Boma zinali zikadali m'manja mwa Azungu, kuti odwala analamulidwa kulipira tiki pa chipatala, kuti Boma linalikupalana ubwenzi ndi Apwitikizi olamulira Mozambique, ndi kuti Nduna Yaikulu inalikugamula nkhani yokha osafunsa anzake. Pa 7 Seputembala 1964 Dr. Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo ao, ndipo Henry Masauko Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anachita chimodzimodzi. Ambiri a iwo anathawira ku Tanzania ndi ku Zambia.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake anathira nkhondo boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, nayamba ulendo wa ku Zomba kuti akalande ulamuliro. Koma analephera kuoloka Shire pa Liwonde, asilikali nawabalalitsa. Kuukira kumeneku kutalephera, dzanja la Boma linalemera. Malamulo anapatsa Boma mphamvu yosunga munthu m'ndende popanda kuzenga mlandu wake, ndipo anthu mazana ambiri oganiziridwa kuti anali kumbali ya nduna zija anatengedwa kudzatsekeredwa m'mapiri a Dowa. Anthu amati dzina la Dzaleka lichokera ku mau akuti "ndidzaleka", ndiwo mau a munthu amene walangidwa mpaka walapa. Ndendeyo inakhala zaka zambiri. A Mboni za Yehova, amene mpingo wao unaletsedwa m'chaka cha 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anatsekeredwa komweko m'zikwi zao kuyambira m'chaka cha 1975.

Bambo Rubadiri anamva zonsezi ali kutsidya kwa nyanja yamchere. Amene analikuthamangitsidwa anali anzao a msinkhu umodzi, omwe anamenya nao nkhondo yokana Chitaganya, ndipo nchito ya kazembe ndiyo kuimirira pamaso pa maiko ndi kulankhulira Boma limene lamutuma. M'chaka cha 1965 anatula pansi ukazembe. Munthu wochita chotero m'masiku amenewo analibenso njira yobwerera kwao mwamtendere, pakuti otsutsa onse anali kutchedwa zigawenga. Chotero mphunzitsi amene anamangidwa ndi Azungu chifukwa cha ufulu wa dziko lake anapezeka wotsekeredwa kunja kwa dziko lomwelo ufuluwo utabwera.

Bwalo la ku Kampala

Mwai wa Bambo Rubadiri unali wakuti anali ndi mudzi wachiwiri. Uganda ndiko anakulira, ndipo analikulemba m'Chingerezi, chinenero chimene ophunzira a maiko ambiri analikuwerenga. Anabwerera ku Kampala, naphunzitsa pa Makerere kuyambira 1968 mpaka 1975. Mzinda umenewo unali ndi moyo wa zolemba woposa mizinda yambiri ya mu Africa: magazini ya Transition, imene Rajat Neogy anaiyambitsa m'chaka cha 1961, inalikusindikiza alembi a kum'mawa ndi kumadzulo komwe, ndipo ophunzira a pa Makerere analikuyenda ndi masewero ao m'midzi ndi m'matauni. M'chaka cha 1967 anatulutsa buku la No Bride Price, nthano ya wanchito wa Boma m'dziko longolandira kumene ufulu, yosonyeza kukhumudwa kwa anthu poona m'mene atsogoleri atsopano analikuchitira. M'chaka cha 1971, pamodzi ndi David Cook, anasonkhanitsa ndakatulo za alembi ambiri m'buku la Poems from East Africa, limene linalowa m'sukulu za maiko angapo.

Koma bwalo lobwereka limatha kulandidwa monga linalandidwira loyamba. Pa 25 Januwale 1971 mkulu wa asilikali Idi Amin analanda boma la Milton Obote. Chaka chotsatira anathamangitsa Amwenye m'dzikomo, ndipo mkulu wa yunivesite ya Makerere, Frank Kalimuzo, anatengedwa ndi anthu a Amin osaonekanso. Aphunzitsi ndi alembi anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo Bambo Rubadiri anathawa kachiwiri. Anaphunzitsa pa yunivesite ya Nairobi kuyambira 1976 mpaka 1984, nakhalako kanthawi ku Ibadan m'dziko la Nigeria, ndipo kuyambira 1984 mpaka 1997 anali pa yunivesite ya Botswana, m'chigawo chophunzitsa aphunzitsi.

Apa pali chinthu choyenera kuchisinkhasinkha. Ndakatulo zao, monga An African Thunderstorm ndi Stanley Meets Mutesa, zinaphunzitsidwa kwa ana a maiko ambiri a mu Africa, ndipo aphunzitsi a ku Uganda, Kenya ndi Botswana anasulidwa ndi manja ao. Koma koleji za kuno, kumene anayambira nchito yosula aphunzitsi, zinakhala zaka zonsezo osamva liu lao. Mlembi akathawa kwao, wotaya si iye yekha ai. Dziko lomwe lamutulutsa limasaukanso, ndipo umphawi wake suonekera msanga chifukwa palibe amene amawerenga maphunziro amene sanaphunzitsidwe.

Alembi otsala m'dziko anaona zao zowawa. M'chaka cha 1968 panakhazikitsidwa lamulo lopatsa bungwe la Boma mphamvu yoletsa mabuku, nyimbo ndi masewero. Anyamata a pa Chancellor College, amene anayamba kusonkhana kuwerengerana zolemba zao m'chaka cha 1970, anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, monga achitira mai woimba pa mtondo amene amadzudzula apongozi ake m'nyimbo osawatchula dzina. Ngakhale zinali chotero, Jack Mapanje anamangidwa m'mwezi wa Seputembala 1987, nakhala ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991, ndipo atatuluka anapita ku Mangalande. Frank Chipasula ndi Legson Kayira analemba mabuku ao ambiri ali kunja.

Ndende Isanduka Msasa

Zinthu zinatembenuka pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula kupondereza anthu inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho panatuluka lamulo lokhululukira onse amene anathawa chifukwa cha ndale. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana Dr. Banda. Bambo Rubadiri anasankhidwanso kukhala kazembe ku United Nations m'chaka cha 1997, pa mpando womwe anausiya zaka 32 zapitazo, ndipo m'chaka cha 2000 anakhala mkulu wa yunivesite ya Malawi. Anamwalira ku Mzuzu pa 15 Seputembala 2018, ali ndi zaka 88. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Iwo anafika kwao, koma anzao ena, monga Chipembere amene anafera ku America m'chaka cha 1975, sanaonenso nyanja yao.

M'nyengo yomweyo imene ana a Malawi analikubwerera kwao, maiko a kumpoto kwa nyanja ya Tanganyika analikuyaka moto. Ku Burundi pulezidenti Melchior Ndadaye anaphedwa m'mwezi wa Okutobala 1993, nkhondo niyamba. Ku Rwanda, kuyambira m'mwezi wa Epulo 1994, anthu mazana a zikwi anaphedwa m'masiku pafupifupi 100, ambiri a iwo Atutsi. Opulumuka ena anayenda kudzera ku Tanzania mpaka kufika kuno. Dziko lino linali litangosunga kumene anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo m'chaka cha 1994 Boma, mogwirizana ndi nthambi ya United Nations yoona za othawa kwao, linatsegula zipata za Dzaleka kuti alendo atsopanowa akhalemo. Malowo anayenera anthu 10,000 kapena 12,000, koma pofika m'chaka cha 2023 okhalamo anaposa 50,000, ndipo ochuluka anali ochokera ku Congo.

Mlakatuli wa ku Lubumbashi

Mlembi wathu wachiwiri ndi Trésor Nzengu Mpauni, amene anthu amamudziwa pa dzina la Menes la Plume. Menes ndi dzina la mfumu yakalekale ya ku Aigupto, ndipo "la plume" m'Chifalansa ndi nthenga, ndiyo imene akale analikulembera. Kwao ndi ku Lubumbashi, mzinda wa migodi ya mkuwa m'chigawo cha Katanga, pafupi ndi malire a Zambia, kumene ngakhale makolo athu ena anapita kukagwira nchito m'masiku a Atsamunda. Mzinda umenewo waona zosintha zambiri. Unali kutchedwa Elisabethville pamene Moise Tshombe anapatula Katanga ku Congo m'chaka cha 1960, ndipo pafupi ndi mzindawo ndi pamene Patrice Lumumba anaphedwera pa 17 Januwale 1961. Menes anakula m'zaka zotsiriza za Mobutu, amene analamulira kuyambira 1965 mpaka Laurent Kabila anamugwetsa m'mwezi wa Meyi 1997. Kugwa kwa Mobutu sikunabweretse mtendere: nkhondo yachiwiri inabuka m'chaka cha 1998, Laurent Kabila anaphedwa m'mwezi wa Januwale 2001, mwana wake Joseph nalowa m'malo mwake.

Menes anali woimba ndi mlakatuli. Mtundu wa ndakatulo zake ndi umene umatchedwa slam, umene unayambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1980 nufalikira m'maiko olankhula Chifalansa. Ndakatulo yotere imalembedwa kuti ilakatulidwe pamaso pa anthu, mlakatuli ataimirira, ndipo omvera amayankha pomwepo ndi m'manja kapena ndi mfuu. Monga amasimbira mwini wake, mau ake okhudza ndale ndiwo anaika moyo wake pa ngozi, kotero kuti anachoka m'dziko lake, nafika pa Dzaleka m'chaka cha 2008.

Taganizirani tsono kusiyana kwa anthu awiriwa. Bambo Rubadiri anapita ku mzinda umene anaudziwa, kumene anapeza nchito, osindikiza mabuku ndi anzao a kale. Menes anafika pa phiri lozizira la m'dziko limene chinenero chake sanali kuchidziwa, ndipo malamulo anamutsekera njira. Malawi anavomera m'chaka cha 1987 pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwao, koma anapatulapo mfundo zina zimene sanafune kumangidwa nazo, monga ufulu wa wothawayo wokhala pamene afuna ndi wolembedwa nchito ya malipiro. Chifukwa chake munthu wa pa Dzaleka anayenera kupempha chilolezo kuti atuluke mumsasa, ndipo ngakhale akhale dokotala kapena mphunzitsi, chakudya chake chinali cholandira. Kwa mlakatuli amene luso lake lifuna khamu la omvera, moyo wotere unasiyana pang'ono chabe ndi wa akaidi amene anagona pamalo pomwepo iye asanafike.

Bwalo Lomanga Yekha

Menes sanaleke kulemba. Anazolowera Chingerezi ndi Chichewa poonjezera pa Chifalansa ndi Chiswahili, nayamba kulakatula m'misonkhano ya ku Lilongwe ndi pa chikondwerero cha Lake of Stars. Koma anaona kuti mumsasamo munali oimba, ovina, ojambula ndi oimba ng'oma ambiri amene analibe njira yotulukira kukaonetsa luso lao, ndi kuti Amalawi ambiri anali kungomva za Dzaleka monga malo a anthu ovutika ndi okayikitsa. Nzeru imene anaipeza inali yakuti, popeza anthu a mumsasa sangapite kwa omvera, omverawo aitanidwe kubwera mumsasa.

Chotero m'mwezi wa Novembala 2014 anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, liu la Chiswahili lotanthauza chiyembekezo, ndipo bungwe lochiyendetsa linatchedwa Tumaini Letu, ndiko kuti chiyembekezo chathu. Makonzedwe ake ngoyenera kuwaphunzira. Pa chipata sanalipiritse ndalama, kuti wa mumsasa ndi wa m'midzi yozungulira alowe mofanana. Oimba otchuka a m'dziko muno ndi a kunja anakwera pa nsanja imodzi ndi ana a mumsasa. Alendo ofuna kugona analandiridwa m'nyumba za othawa kwao nalipira eni nyumbazo, ndipo ophika ndi ogulitsa anapeza malonda. M'zaka zotsatira anthu zikwi zambiri anasonkhana m'tsinde mwa phiri la Dzaleka kudzamvera nyimbo, ndakatulo ndi masewero, pamalo pamene kale munthu anali kubweretsedwa kuti aleke kulankhula. M'chaka cha 2020 bungwe la Tumaini Letu linalandira mphotho ya ku Sharjah, m'dziko la United Arab Emirates, yoperekedwa kwa othandiza anthu othawa kwao.

Tisayese kuti chikondwerero chinathetsa mabvuto a msasa. Madzi, nkhuni, chakudya ndi malo ogona zinapitirira kuchepa pamene anthu analikuchuluka. M'chaka cha 2021 Boma linalamula kuti othawa kwao onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka. Nkhaniyo inapita ku bwalo la milandu, ndipo m'mwezi wa Meyi 2023 apolisi anayamba kugwira anthu ku Lilongwe ndi kwina, ena nawasunga ku ndende ya Maula asanawatumize kumsasa. Pakati pao panali ana amene anabadwira kuno, osadziwa chinenero china choposa Chichewa. Nyimbo za masiku awiri kapena atatu sizisintha lamulo. Chimene zinachita ndicho kupatsa anthu a mumsasa bwalo pamene dziko lino linawamva alikudzilankhulira okha, ndipo munthu amene wamvedwapo kamodzi sabvuta kumukumbukira pamene mlandu wake ulikukambidwa.

Zimene Mphunzitsi Angatolepo

Funso lathu lija tsopano tingaliyankhe. Mlembi wothawa kwao amasiya nyumba, abale ndi nchito monga wothawa ali yense, koma pamwamba pa izi amasiya anthu omuyankha, ndipo popanda iwo luso lake limafota. Bambo Ntara anakhala nalo bwalo lao moyo wao wonse. Bambo Rubadiri analandidwa lao kawiri, nabwereka a eni m'maiko anai. Menes anapeza palibe, namanga lake pa dothi la ndende yakale. Onse atatu mbiri yao ikhudza dziko lino, ndipo awiri a iwo mapiri a Dowa.

Ena a inu mudzatumizidwa ku sukulu za m'maboma a Dowa ndi Ntchisi. Pophunzitsa mbiri ya dera, musadumphe Dzaleka, ndipo musimbe mbali zake zonse ziwiri, ya ndende ndi ya msasa, pakuti ana ayenera kudziwa kuti Amalawi omwe anakhalapo othawa kwao ndi akaidi opanda mlandu. Agogo ena a m'midzi yozungulira akukumbukira masiku amenewo. Tumani ana akawafunse mwaulemu, nalembe zimene amva, monga anachitira Bambo Ntara.

Kwa zaka zambiri bungwe la Jesuit Refugee Service linayendetsa sukulu pa Dzaleka, ndipo ana a mumsasa ndi a m'midzi anaphunzira pamodzi. Mwina tsiku lina m'kalasi mwanu mudzakhala mwana wolankhula Chiswahili kapena Chirundi, wachete, wokhala kumbuyo. Musafulumire kumuyesa wopusa. Mupatseni nthawi asimbe nthano ya kwao m'chinenero chake, mnzake amasulire, ndipo ana onse aphunzire mau amene anthu a kwao amayankhira nthano, iyenso aphunzire athu. Kalasi ndilo bwalo loyamba la mlembi ali yense, ndipo mphunzitsi ndiye amalitsegula kapena kulitseka.

Potsiriza, musaope mwana wolemba zodzudzula. Mukapeza m'kope mwake mau odandaula za sukulu kapena za mudzi, konzani kalembedwe kake, mufunseni ngati zimene wanenazo nzoona, ndipo ngati ziri zoona muzimve. Dziko lino linayesapo njira ina ija, ndipo mtengo wake tauona: ndende m'mapiri a Dowa, ndi mphunzitsi wa aphunzitsi wokalambira m'maiko a eni. Makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. M'chaka cha 1965 othawa tinali ife, ndipo a ku Tanzania, Zambia ndi Uganda anatilandira. Lero alendo ali kwathu, ndipo ana ao adzakhala pamaso panu kuyembekeza kuti muwayankhe.